Manambala Amene Ndinalemba Mphepo Itafa

Ana anga, ndikulemba izi chifukwa ndatopa kumva nkhani yanga ikukambidwa ndi pakamwa pa eni ake. Ena akuti ndinaba waya, ena akuti anandipeza nditaledzera pantchito. Zabodza zokhazokha. Waya sindinabe, ndipo mowa ndinasiya inu awiri omalizanu musanabadwe. Chimene chinandichotsa ntchito ndi nambala, ndipo ndikuuzani mmene zinayendera. Zolembazi muzipirire, mukudziwa kuti sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Za ubwana wanga sindinenapo, kulibe chanzeru kumeneko, ndi njala ndi nkhafi basi.

Meyi, chaka chimene ndinasiya nyanja

Ndakoka khoka la chilimira la eni ake ku Mbenji kuyambira ndili mnyamata mpaka phewa lakumanjali linakana. Mlovi, ndiye kuti msodzi, akakhala wopanda phewa ndi katundu chabe m'boti, ndiye anandisiya pamtunda. Ndinatha miyezi ndikungozungulira padoko, kuthandiza azimayi kuyanika usipa, munthu wamkulu ndevu zili pepeya. Tsiku lina kunabwera galimoto yoyera itasenza mapaipi aatali. Anatsika anthu atatu, koma wolamula anali mayi wina wochepa thupi, wovala jombo, dzina lake Mayi Msosa, injiniya wa bungwe lina la ku Lilongwe. Anati akufuna kuyeza mphepo ya kwathu kuno chaka chathunthu, kuti adzaike makina opanga magetsi a pachipatala chathu chaching'ono chija, pasukulu ndi nyumba zapafupi. Mukudziwa inu kuti mapolo a magetsi anathera kutali, kumsewu waukulu.

Ankafuna mlonda wa mlongoti woyezera mphepowo. Atsibweni anu a Kachepa, alongo awo a mayi anu, ndiwo anali wapampando wa komiti ya chitukuko, ndipo anatchula dzina langa. Izi sindibisa. Ntchito yanga yoyamba ya pamwezi ndinaipeza chifukwa cha iwo, ndipo sanatope kundikumbutsa.

Mlongotiwo tinauimika pamchenga wokwera kuseri kwa doko, anthu khumi ndi awiri tikukoka zingwe. Pamwamba pake panali timakapu titatu tozungulira, pansi pali kabokosi kokiya kamene kankasunga kokha liwiro la mphepo. Ntchito yanga inali kuthamangitsa mbuzi zodzikanda pamawaya, ndi kuona kuti wina asadule waya kukamangira thandala la nsomba. Mwera unali utayamba. Timakapu tinkazungulira mpaka osaoneka, mawaya akulira, mchenga ukulowa m'mano. Mayi Msosa akabwera kumapeto kwa mwezi ankatsegula kabokosi, kuyang'ana, n'kumwetulira okha. Ine ndinkangoti mumtima, mayi inu mwafika nthawi ya mwera, dikirani muone nyanja ikagona. Koma sanandifunse, ndipo mlonda sayankha funso limene sanafunsidwe.

Disembala mpaka Malichi, mvula yoyamba ndili pantchito

Mvula ya Disembala inabwera ndi mphezi. Inagunda mlongoti, kabokosi kanapsa mkati. Kagalasi kosonyeza nambala kanatsala kakugwira ntchito, koma kusunga kanaleka. Mayi Msosa anapempha kabokosi kena ku ofesi, ndipo bwana wawo wamkulu, a Gondwe, anayankha kuti zotere zimachokera kunja, kafika mwezi wamawa. Mwezi wamawawo sunafike mpaka ine ndachoka ntchito. Ndiye mayiwo anandigulira buku lachikuto cholimba ndi mapeni atatu. Anati m'mawa, masana ndi madzulo ndiziyang'ana pakagalasi n'kulemba nambala imene ndaona. Anandifunsa ngati manambala ndimawatha. Ndinati mayi, ndowa za usipa ndawerenga moyo wanga wonse. Tsiku limenelo ndinalowa m'nyumba buku lili m'khwapa ngati kalaliki wa kukhoti, mayi anu akuseka mpaka kugwira nthiti.

Januwale anayenda bwino, mphepo ya mpoto ikubwera ndi mvula n'kupita. Febuluwale atayamba, nyanja inagona. Inu mukulidziwa bata la nthawi imeneyo. Madzi ngati mafuta, utsi wa m'makhitchini ukukwera chowongoka, munthu akamakhosomola m'bwato kutali iwe ukumumva uli pamtunda. Timakapu tinaima. Mpheta inafika potera pa kamodzi n'kumadzikonza nthenga. Ndinalemba ziro, ziro, wani. Mawa lake chimodzimodzi. Masiku anayi ndinalemba zoona.

Tsiku lachinayilo masana anabwera a Kachepa, akuti angoona mmene ntchito ikuyendera. Anatenga buku, kuyang'ana, nkhope inasintha. Anati amva kwa munthu wogula nsomba kuti bungwe lomwelo laimika mlongoti wina cha ku Chinguluwe, ndipo makina apita kumene mphepo yachuluka. Kaya zinali zoona kaya ayi, nthawi imeneyo palibe anadziwa, koma pofika madzulo mudzi wonse unali utamva.

"Alamu," anatero, "mazira mukuikira m'bukumu ndi oti tidye ndani? Mukutiphera mudzi."

Ndinati ine ndikulemba zimene galasi likunena. Anati galasi silibadwira kuno, ilo lilibe mkazi woti akachire pachipatala chopanda magetsi. Anati mphepo ya mwera ija inali yochita kutayika, kodi n'kulakwa kutapako pang'ono kuika mu Febuluwale? Ndinawauza kuti achoke pamlongoti. Anachoka akunena kuti chule anadabwa m'madzi muli mwake, munthu wolembedwa ntchito dzulodzuloli lero akuthamangitsa amene anamulembetsa.

Mawa lake anabwera a komiti atatu. Kumjigo azimayi anayamba kufunsa mayi anu ngati amuna awo alandira kanthu kwa anthu a ku Chinguluwe. Kutchalitchi munthu wina anandipatsa moni wa chala chimodzi. Ine ndine wa ukali, mukundidziwa, koma ukali wanga umatha ndi munthu mmodzi. Mudzi wonse sindinauthe. Ndiponso, ndinene zoona, nanenso ndinkaopa kuti makina akapita kwina, mlonda wa mlongoti abwerera kukayanika usipa. Ndinalemba 5. A Kachepa ndiwo anasankha nambalayo, anati 9 achititsa manyazi, 2 sathandiza. Kuyambira tsiku limenelo, timakapu tikaima, ine ndinkalemba 5. M'mawa 5, masana 5, madzulo 5. Bata lija linakhala masiku 17 osadukiza, kenako linabweranso mu Malichi. M'buku munali masiku anayi okha.

Mayi Msosa sanali opusa. Atabwera anakhala pamchenga, buku lili pamiyendo, akutembenuza masamba pang'onopang'ono. Kenako anati, "Bambo Chimwaza, mphepo ya kuno imadziwa nambala imodzi yokha?"

Ndinawauza kuti nthawi ino kumawomba kavuma, kamphepo kakang'ono kochokera kum'mawa, kofanana tsiku lonse. Anafunsanso ngati kagalasi sikanaime pamalo amodzi. Ndinati ayi. Anafunsa kachitatu ngati panalibe tsiku limene ndinadwala n'kudzaza pambuyo, anati zimachitika, sandikalipira. Ndinati sindinadwale. Anayang'ana kunyanja kanthawi, tsiku limenelo mpoto unali ukuwomba, mafunde akuoneka. Anatseka buku n'kunena kuti ine ndine wa panyanja, ndikudziwa kuposa iwo. Mawu amenewo mpaka lero amandiwotcha.

Chaka chachiwiri, nthawi yomanga

Makina anabwera kwathu. A Kachepa anayenda mudzi wonse chifuwa chili patsogolo, ndipo akakumana nane ankanditsinzinira diso. Ine anandikweza. Mayi Msosa anauza a Gondwe kuti munthu amene wasunga buku miyezi yonse osadumpha tsiku ndi woyenera kuyang'anira nyumba ya makina. A Gondwe ankafuna wa satifiketi, koma mayiwo anaumirira. Ananditumiza ku Lilongwe milungu itatu kukaphunzira. Anzanga kumeneko anali a Fomu 4, ankalankhula Chingerezi ndi aphunzitsi n'kumandiseka ndikafunsa kawiri. Koma pofika pomanga paipi kuti isatulutse mpweya, manja a mlovi anawaposa onse. Ndinabwera ndi ovololo ya buluu ndi makiyi asanu ndi limodzi.

Zosowa zinali zosatha. Jombo anatipatsa peyala imodzi anthu awiri. Girisi akatha ndinkadikira miyezi iwiri. Zosefera madzi zinkabwera zitachedwa, ine n'kumatsuka zakale ndi burashi ya mano. A Gondwe ankafika pokhapokha akabwera ndi alendo. Ankanditchula kuti mdala, dzina langa sanalidziwe, ndipo alendo akamajambula ankandiuza kuti ndiime pafupi ndi geji, kawotchi kosonyeza kuchuluka kwa mpweya, ndiziloza ngati ndikuwerenga. Alendo akachoka ndikawauza za girisi, ankati ndilembe kalata.

Koma ntchitoyo ndinaikonda, ana anga, kuposa chilichonse chimene ndagwirapo. Makina amphepo anali awiri, mapiko atatuatatu. Mphepo ikachuluka, magetsi otsala ankalowa m'makina ena amene amang'amba madzi, n'kutulutsa mpweya wotchedwa haidrojeni. Mpweyawo unkapanikizidwa m'mathanki achitsulo. Mphepo ikafa, makina enanso ankatenga mpweya uja n'kuubweza kukhala magetsi. Poyamba ndinkati ndi matsenga a azungu. Mayi Msosa anandiuza kuti ndisavutike, ndingoti mwera ndi nthawi yokolola, bata ndi Febuluwale wa njala, mathanki ndi nkhokwe.

Tsiku limene tinamanga mathankiwo ndinaona kuti simenti imene anawaka ndi yaikulu, koma mathanki ndi asanu okha, mbali ina yangokhala. Ndinafunsa Mayi Msosa kuti bwanji asanu. Anandiyankha mosangalala, akupukuta manja ndi chisanza. Anati nkhokwe sumanga mongoganiza, umayamba wawerenga masiku a njala. Thanki imodzi ndi tsiku limodzi la chipatala, sukulu ndi nyumba zonse. Buku langa linaonetsa kuti mphepo imafa masiku anayi otsatizana, ndiye anaika anayi, n'kuwonjezera imodzi yodzitetezera. Anati mathanki ndi odula kwambiri, a Gondwe sakanalola ngakhale imodzi yopanda umboni.

Sipanala inali m'manja mwanga. Ndinaiyika pansi bwinobwino, ndinati ndikupita kuseri. Kuseriko ndinangoima. Mpaka tsiku limenelo ndinkaganiza kuti ma 5 aja ntchito yawo inatha kalekale, anali ongokokera makina kwathu basi. Sindinkadziwa kuti munthu adzawatenga n'kumangira nkhokwe.

Madzulo ake ndinapita kwa a Kachepa. Ndinawapeza akuyeza malo oika firiji yaikulu ya nsomba. Ndinawafotokozera zonse. Anati alamu, chaka ndi chaka sizifanana, mwina chaka chino bata silibwera. Anati ndikatsegula pakamwa bungwe lizula zonse, ndipo anthu adzandiwotchera nyumba muli mlongo wawo. Ndinabwerera kunyumba. Ndinakhala chete miyezi isanu ndi itatu. Mwera wonse uja anthu akusangalala, ana akuwerenga pasukulu, pachipatala firiji ya katemera ikulira, ine ndinali munthu wosakhazikika. Ndinkadzuka pampando, kukayang'ana geji, kubwera, kukhala, kudzukanso. Mathanki ali odzaza, mphepo yotsala ikungotayika chifukwa kulibe koiika, ine ndikuiona. Mayi anu ankati ndili ndi nsikidzi m'thalauza.

Febuluwale, chaka chachitatu

Bata linabwera monga limabwerera kuyambira makolo athu. Tsiku loyamba mapiko anaima cha m'ma 10 m'mawa. Kamuvi ka pageji kanayamba kutsika. Sindinadikire kuti wina andiuze. Tsiku lachiwiri ndinadula magetsi a nyumba zonse. Tsiku lachitatu ndinadula sukulu. Ndinasiya chipatala chokha ndi mzere wa kudoko, kumene kunali firiji ya a Kachepa. Tsiku lachinayi ndinadulanso wa kudokowo. A Kachepa anabwera akuthamanga, malaya ali pamapewa, akuti chambo chawo chiola, ndiyatse msanga. Ndinawauza kuti akatape mphepo ya mwera ija aike mu Febuluwale. Tikanamenyana pakanapanda anthu.

Ndinaimbira Mayi Msosa. Anati ndachita bwino kudula, ndipirire, bata la kwathu silipitirira masiku anayi. Foni ili pakhutu, ine ndikuyang'ana nyanja yogona ngati mphasa. Ndinangoti chabwino mayi.

Chipatala chokha chinakoka mathankiwo mpaka tsiku la 11. Makina ong'amba madzi anali duu, palibe cholowa. Masana a tsiku limenelo kamuvi kanagona pansi, makina obweza magetsi anatsokomola n'kuzima. Ndinayenda kupita kuchipatala kukawauza ndekha. Anamwino, Mayi Jere, anatsegula firiji n'kuyika dzanja mkati. Mabatire ake anagwira tsiku limodzi, kenako basi. Analongedza katemera m'kabokosi kozizira kuti apite naye ku Salima panjinga, koma mvula ya kumtunda inali itadzaza mtsinje, njinga inabwerera. Katemera yense anatayidwa. Lachitatu lotsatira linali la sikelo. Azimayi anabwera ndi makanda kumbuyo, ena kuchokera kutali cha ku Maganga wapansi, anawabweza. Ndinawaona akudutsa panyumba ya makina. Mmodzi anaima n'kundifunsa mwaulemu kuti bambo, magetsi abwera liti. Palibe mwana anamwalira, ndikuthokoza Mulungu, koma si nzeru zanga zimene zinawasunga. Mphepo inabwera tsiku la 16.

Malichi, chaka chomwecho

A Gondwe anafika ndi amisiri awiri ochokera kwina. Anayeza mapaipi onse, palibe potuluka mpweya. Anayeza makina, onse abwino. Anayang'ana mmene ndinadulira magetsi, anati mdalayu anachita zanzeru. Ndiye vuto linatsala limodzi, masamu a amene anawerengera mathanki. Dalaivala wa bungwe anandinong'oneza kuti kalata yochotsa ntchito Mayi Msosa yalembedwa kale, akungodikira msonkhano wa mudzi kuti anthu aone kuti bungwe lachitapo kanthu. Anati injiniya akachotsedwa chifukwa cha masamu olakwa, palibenso amene angamulembe.

Msonkhano unali wa Lachisanu. Lachinayi masana ndinapeza mayi anu akupeta mpunga kuseri kwa nyumba. Ndinawauza zonse, ngakhale theka ankalidziwa kale. Sanasiye kupeta. Anati ndikanena, ntchito yatha, ndipo mlongo wawo sadzapondanso pakhomo pathu. Anati tili ndi ana asanu. Ndinati ndikudziwa kuwerenga. Kenako anati Mayi Msosa aja tsiku lina anadya m'nyumba mwathu, anasamba m'manja m'beseni lathu. Sananene kuti nena, sananene kuti usanene. Ndinachoka, ndinayenda mpaka kudoko, kubwerera kunyumba ya makina, kupitanso kudoko. Ndinapukuta mageji amene ndinali nditapukuta kale. Ndinkadziuza kuti mayi uja ndi wophunzira, apeza pena, ine ndipeza kuti ndi phewa limodzi. Ndinkadziuzanso kuti akachoka, abwera wina, atenga buku lomwelo, apeza masiku anayi omwewo.

Lachisanu anthu anadzaza pakhonde la chipatala mpaka pansi pa mitengo. A Gondwe analankhula nthawi yaitali, Chichewa chosakaniza, akuti bungwe likupepesa, panali kulakwitsa powerengera, ndipo amene analakwitsa aona zotsatira zake. Mayi Msosa anakhala pabenchi kumapeto, buku langa lija lili pamiyendo. Atapatsidwa mpata anangoti anawerengera kuchokera pa zimene zinayezedwa, ndipo ngati analakwa avomera. Dzina langa sanalitchule. Akanatha, koma sanatero.

Kenako anaimirira a Kachepa. Ndikanakhala chete mwina, ndikunena zoona, pakanapanda iwo. Anati mudzi wataya katemera, iwo ataya chambo, zonse chifukwa bungwe linatitumizira mtsikana wophunzirira ntchito pamitu pathu. Anati atipatse injiniya weniweni. Anthu ena anawomba m'manja. Ine ndinangozindikira ndaimirira.

A Gondwe anati, "Mdala, za makina tamva kale, khalani pansi."

Ndinati, "Dzina langa ndi Chimwaza, bwana. Mayiwa sanalakwe. M'bukumo, paliponse pamene pali 5 mu Febuluwale ndi Malichi, mphepo kunalibe. Ndinalemba ndine. Anandifunsa katatu, ndinawanamiza katatu."

Ndinapitiriza, chifukwa ndikayamba sindidziwa kuima. Ndinati nambalayo anasankha ndi a Kachepa, a komiti atatu anabwera kudzandikakamiza, ndipo theka la anthu okhala panowa ankadziwa. A Kachepa anati alamu awo adwala mutu, iwo buku limenelo sanaligwirepo. A komiti anayang'ana pansi. Amene ankanyoza mayi anu kumjigo anayang'ana kumitengo. Palibe ngakhale mmodzi anati inde, tinamuuza ndife. Ndi chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero. Ndinanama chifukwa cha mudzi, ndipo tsiku lonena zoona ndinapezeka ndilibe mudzi.

Mayi Msosa anatsegula buku pomwepo, chala chikuyenda pamasamba, milomo ikuwerenga. Atamaliza anauza a Gondwe kuti ndi masiku 17. Ine sanandiyang'ane.

Epulo, tsiku lopereka makiyi

Kalata imene inalembedwera Mayi Msosa inasinthidwa dzina. Yanga inati ndachotsedwa chifukwa chopereka malipoti abodza, ndipo pamenepo sindingatsutse, ndi zoona. A Kachepa anakhalabe wapampando chaka china. Mayi Msosa anatsala pantchito, anawerengeranso zonse, ndipo patapita nthawi yaitali mathanki ena anabwera kudzadzaza simenti ija. Anawonjezeranso masola padenga la chipatala. Ine zimenezo ndinaziona ndili kunja kwa mpanda.

Makiyi anabwera kudzalandira Mayi Msosa okha. Tinayenda limodzi m'nyumba ya makina, ine ndikuwaonetsa vavu ya paipi imene imalimba potsegula, ndi pamene ndinabisa girisi wotsala kuti asabedwe. Ankalemba, osalankhula zambiri. Titafika pakhomo ndinawapatsa makiyi, ndinavula ovololo n'kuipinda. Ndinati mayi, ndinalakwa, koma mumvetse, tinkaopa kuti makina apita ku Chinguluwe.

Anandiyang'ana ngati sanamve bwino. Anati ku Chinguluwe kunalibe mlongoti uliwonse wa bungwe lawo. Anati malo athu anasankhidwa mu Seputembala wa chaka choyamba, mwera utangotha, mapepala anasainidwa mphezi ija isanagunde n'komwe.

"Miyezi ya mvula ija sindinkayeza ngati mphepo ilipo, Bambo Chimwaza. Ndinkayeza masiku amene kulibe. Ma ziro anu ndi amene ndinkafuna."

Ndinagwira chitseko. Ndinafunsa kuti nanga bwanji sanatiuze kuti tasankhidwa kale. Anati a Gondwe analetsa, ankafuna adzalengeze okha pamwambo, alendo ochokera kunja alipo. Ndinafunsa kuti nanga ine, amene ndinkagwira peni, sakanandinong'oneza. Anatembenuza makiyi m'manja. Kenako anati akanayenera kundiuza, ndipo pamenepo analakwa ndi iwo.

Anandipatsa dzanja, ndinalandira ndi manja awiri. Anakiya chitseko, anayesa loko kawiri monga ndinawaphunzitsira, n'kukwera galimoto. Ine ndinatsika kudoko kukafunsa azimayi ngati pali usipa woti ndiyanike.